Kasiyamaliro wa ku London

Ife a ku Kasungu timaidziwa bwino njira imene katundu wathu amayenda popita kunja. Fodya amachoka m'zigafa, amamangidwa m'mabelo, amakagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo akamawoloka nyanja amapita ndi dzina la Malawi pamphumi. Nduna zimabwera kudzatsegulira msika wake, wailesi n'kulengeza mitengo. Koma pali katundu wina amene anakhwimira m'chigwa chomwechi nakafika kutali popanda nduna yomuperekeza. Ndikunena za luso la Samson Kambalu.

Nkhani yake siingamveke tikapanda kuyambira ku Mtunthama. Kumeneko, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati Kamuzu Banda anaphunzirirapo ali mwana, kunatsegulidwa Kamuzu Academy m'chaka cha 1981. Inali sukulu yodabwitsa pakati pa minda ya fodya: aphunzitsi anali azungu, Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, ndipo cholinga chinali kuumba ana a Amalawi kuti afanane ndi ana a mabwana a ku England. Munthu yemweyo amene mu 1968 anakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, pa sukulu yake ya pamtima anasankha zilankhulo za anthu amene anafa kalekale. Kambalu, wobadwa mu 1975, anaphunzira pamenepo, kenako ku Chancellor College ku Zomba, asanapite ku Britain.

Tsono taonani zimene mwana wa Chilatiniyo ananyamula. Mu 2015, ku chionetsero cha Venice Biennale ku Italy, chimene chinayamba mu 1895, Kambalu anaonetsa timafilimu take timene amatitcha Nyau Cinema. Ndi tatifupi, tosapitirira mphindi imodzi, ndipo iye mwini amachitamo zachilendo m'misewu ya azungu monga chimachitira chilombo chikatulukira pabwalo. Gule amene amishoni ankamutcha wa Satana, yemwe UNESCO inadzamulemekeza mu 2005, ndiye anakhala maziko a luso lake.

Apa mpamene pagona nkhani. Ku Venice kuli makomo awiri. Loyamba ndi la mayiko: boma limapeza nyumba, limasankha wokonza chionetsero, iyeyo n'kusankha aluso oimira fuko. Zimbabwe inalowera khomo limeneli kuyambira 2011, motsogozedwa ndi Raphael Chikukwa. Angola inalowa mu 2013 n'kutenga mphotho yaikulu ya Golden Lion. Mozambique, mnansi wathu, inalowa mu 2015. Khomo lachiwiri ndi la oitanidwa ndi mkulu wa chionetsero chonse, ndipo chaka chimenecho mkuluyo anali Okwui Enwezor wa ku Nigeria, woyamba wobadwira mu Africa kupatsidwa udindowo. Kambalu analowera khomo lachiwirili. Nyumba ya Malawi kunalibe.

Ndamvapo anzanga akuti zilibe kanthu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, bola dzina lathu linamveka. Ine sindigwirizana nazo. Woitanidwa ndi mlendo amaimira maganizo a womuitanayo. Sitinganene kuti tinamutuma pamene sitinamupatse ngakhale kamba wapaulendo. Ndipo amene saitanidwa, wosema ziboliboli wa ku Mua kapena wojambula wa ku Ndirande, alibe khomo lina lolowera. Komanso, ndinene mosabisa, ndimadzifunsa ngati komiti ya boma ikanalimba mtima kutuma munthu amene mu 2000 anamata masamba a Baibulo pa mpira, nautcha Holy Ball, n'kuuza anthu kuti aziumenya. M'masiku a Kamuzu boma linkakonda luso lovina pamaso pa Ngwazi, osati lofunsa mafunso.

Mu September 2022 Kambalu anaimika chiboliboli pa Trafalgar Square, pakatikati pa London. Anachitenga pa chithunzi cha 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake ku Mbombwe. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuchivula pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe kuti atalike kuposa mnzakeyo pafupifupi kawiri. Amene anasankha ntchitoyi ndi komiti ya meya wa London, atamva maganizo a anthu a mumzindawo; nkhope imene ife timaiona pa ndalama zathu inakwezedwa pamenepo ndi ndalama za eni ake a ufumu umene unamupha mu 1915.

Dzina la chibolibolicho linali Antelope. Azungu ambiri ankadutsa n'kumafunafuna nyama imene sankaiona. Wa ku Kasungu sakanavutika: ameneyo ndi Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chimene chimabwera kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Chinaima pamenepo zaka ziwiri. Mu 2024 chinatsitsidwa, ndipo pamalo pake panakwera ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico.