Kodi oyankha pa kafukufuku wa malonda amadziwadi zomwe akufunsidwa?

Kampani isanabweretse katundu watsopano, imatumiza anthu m'misika ndi m'makomo kukamva maganizo a ogula. Vuto ndi lakuti munthu akafunsidwa ndi mlendo, kawirikawiri safuna kunena kuti "sindikudziwa". Amangoyankha chifukwa cha ulemu kapena manyazi.

Mu 1980, George Bishop ndi anzake a ku yunivesite ya Cincinnati, ku America, anafalitsa zomwe anapeza atafunsa anthu za lamulo lotchedwa Public Affairs Act la 1975, lomwe kunalibe n'komwe. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anaperekapo maganizo ake.

N'chifukwa chake ofufuza amayamba ayesa kaye woyankha. Funso loyamba silitchula dzina: "Mumadziwa njira ziti zotumizira ndalama pa foni?" Amene watchula yekha M-Pesa, e-Mola kapena mKesh amalembedwa padera ndi amene wangovomera atawerengeredwa mainawo. Ofufuza ena amasakanizamo dala dzina lopeka, ndipo wonena kuti amalidziwa, mayankho ake onse amakayikiridwa. Kenako pamabwera funso lofuna amene anagwiritsadi ntchito: anatumiza liti komaliza, anadulidwa zingati?

Njirazi zilinso ndi pofooka. Mafunso ambiri m'dziko muno amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo ku Angónia kapena ku Tsangano wofunsa amamasulira pomwepo. Akangosiya mawu oti "juros" momwe alili, mlimi wodziwa bwino chiwongoladzanja cha katapila akhoza kulembedwa kuti sadziwa kanthu za ngongole.