Ndewu za m'vidiyo zija anali magule

Anzanga, amene munakulira kutali ndi tawuni, mukukumbuka mavidiyo a m'zisakasa aja? TVM inayamba mu 1999, koma kwathu ku Senga Bay kanema wathu anali tepi ndi jenereta. Asodzi akagulitsa usipa, ndalama ina inkathera kumeneko. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhomo n'kumasuzumira pakabowo, poti mtsikana wolowa m'vidiyo ankatchuka nazo.

Nkhani inkakhala yomweyomweyo: adani apha bambo kapena mphunzitsi, mnyamata walumbira, kumapeto wabwezera. Mu Fist of Fury ya 1972, Bruce Lee akulipsira imfa ya mphunzitsi wake. Mwiniwakeyo anamwalira ku Hong Kong mu 1973 ali ndi zaka 32, ife tisanabadwe, koma anyamata kunyanja ankamukamba ngati wa pamudzi pomwepo.

Chomwe sitinkadziwa n'choti ndewu zija zinali ndi ozipeka, monga momwe mkulu wa beni amakonzera masitepe. Mmodzi anali Lau Kar-leung, katswiri weniweni wa kung fu, yemwe anakonza The 36th Chamber of Shaolin ku kampani ya Shaw Brothers mu 1978. Mukaionerenso, muona kuti mbali yaikulu si kubwezera ayi, ndi Gordon Liu akuvutika kuphunzira: kunyamula ndowa za madzi, kugwa, kudzuka.

Chaka chomwecho Yuen Woo-ping anatulutsa Drunken Master, momwe Jackie Chan amamenya akudzandira ngati chidakwa. Kudzandira kuja sikunali kwamwayi. Jackie anakulira pasukulu ya zisudzo za Peking opera, komwe ana ankaphunzira kudumpha, kugwa ndi kusunga nthawi. Womenya ndi womenyedwa ankagwirizana: nkhonya ibwera apa, iwe uzinda apa. Akalakwitsa ankajambulanso mpaka zitheke. Luso lomweli linamufikitsa Yuen ku The Matrix ya 1999.

Achimwene anga izi sankazidziwa. Tsiku lina pamchenga anayeserera kumenya teke mnyamata yemwe anawalanda nyambo, dzino n'kuguluka. Nkhani inakafika kwa amfumu, ndipo amayi analipa ndi mpamba wa geni yawo. Mwezi wathunthu sitinakazinge zitumbuwa.

Lero mwana wanga amaonera mafilimu omwewa pafoni, omasuliridwa m'Chichewa, akuseka nthabwala za womasulira. Sindimuletsa. Ndimangomuuza kuti, "Iwe, anthu awiri ukuwaonawo si adani. Aliyense akuteteza mnzake kuti asavulale, n'chifukwa chake zikukoma." Amandiyang'ana ngati ndamuonongera filimu.

Inu amene munali ndi ndalama yolowera mkati, tandiuzeni: munkatuluka mutatola chiyani, kupirira kwa wophunzira uja kapena mkwiyo wake?