Mawu akuti "cheap" ndi kutchipa kwathuku

Mnzanga wina atamva mtengo umene bwana wake wa ku England anagulira nsapato, anawomba m'manja n'kuti, "Very cheap!" Bwanayo anangokwinya nkhope. Mnzangayo ankayamikira kuti abwana agula mwanzeru, koma iwo anamva ngati akunenedwa kuti avala zachabechabe.

Tanthauzo loyamba la "cheap" ndi chinthu chotsika mtengo, ndipo m'menemo ndi mmene tinatola kutchipa kwathuku. Mayi wa pamsika akamakuwa kuti "Tomato watchipa, mulu 500!" palibe amene amakhumudwa. Vuto ndi lakuti m'Chingerezi mawuwa amanunkhanso kusalimba, ngati wailesi imene imalira sabata imodzi n'kufa. Ku America, ukanena munthu kuti ndi "cheap" ndiye kuti wamutcha woumira, uja amasowa ikafika nthawi yolipira. Pofuna kuyamikira, eni chinenero amakonda kunena kuti "affordable".

Chondisangalatsa ine ndi kumene mawuwa anachokera. M'Chingerezi chakale "ceap" ankatanthauza malonda kapena msika, n'chifukwa chake ku London kuli msewu wotchedwa Cheapside, kumene kale kunali msika waukulu. Munthu akagula pabwino ankati wapeza "good cheap", malonda abwino. Pofika zaka za m'ma 1500 pakamwa panachita ulesi, "good" uja anagwera m'njira.

Ife titawalandira tinawabereketsa ana: kutchipa, kutchipitsa, ngakhale kudzitchipitsa, kumene azakhali amaletsa mtsikana akamangosekerera mnyamata aliyense pachigayo.