Ulendo wa ku Joni: Kale ndi Lero

Masiku ano munthu akakwera ndege m'mawa pa Chileka, ku Blantyre, afika ku Johannesburg dzuwa lisanafike pamutu. Mtunda wake, poyesa molunjika monga iulukira mbalame, ndiwo mailosi ngati 840, kapena makilomita 1,350. Ndipo ndege iutha m'maora awiri ndi mphindi zowerengeka. Ana athu ayesa kuti zinali chomwecho chiyambire. Chifukwa chake tiyenera kuwakumbutsa umo makolo anayendera mtunda womwewo.

Ife a kwa Champiti tidziwa kuti Angoni anachokera kumwera komweko, naoloka Zambezi, nayenda zaka zambiri asanakhazikike m'mapiri a Domwe ndi Ntcheu. Koma golide atapezeka ku Johannesburg m'chaka cha 1886, ndi msonkho wa nyumba utafika m'midzi, zidzukulu zao zinayamba kubwerera njira yomweyo kukafuna ndalama. Anayenda pansi, kamba pamutu, naoloka Zambezi pabwato ku Tete, naima ku Halale kugwira nchito kuti apeze chakudya cha panjira, nalinga ku Limpopo. Ulendowo unali wa miyezi. Ena anagwidwa ndi mikango, ena anafa ndi njala, ndipo ena sanabwerenso konse. Amenewo ndiwo tiwatcha machona.

Ngakhale ofikawo sanapulumuke onse. Chibayo chinapha ambiri m'migodi, kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anchito ochokera kumaiko otentha ngati lathu, ndipo chiletsocho chinakhala zaka zoposa 20. M'chaka cha 1935 ulalo waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, njanje nifika ku Salima. Pamenepo miyezi inasanduka masiku.

Pambuyo pake bungwe la Wenela, lolemba anchito a m'migodi, linayamba kuwanyamula pandege m'chaka cha 1952. Mnyamata wosakwerapo galimoto anauluka kuchokera ku Chileka kufikira ku Francistown tsiku limodzi, natsiriza ulendo pasitima. Anthu anachuluka, kufikira Amalawi a m'migodi ya South Africa anapitirira 100,000.

Koma liwiro lili ndi mtengo wake. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela, yobweza anthu kwao, inagwa itangonyamuka pa Francistown, chifukwa mafuta ake anasanganizika ndi a mtundu wina. Anafa anthu 78, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi otsiriza nchito yao, akatundu ali m'manja, akazi ndi ana alikuwadikira. Dr. Banda analetsa pomwepo kulemba anthu. Kulembako kunayambanso m'chaka cha 1977, kunalekeka m'chaka cha 1988.

Nanga tiphunzirapo chiani? Mtunda sunafupike, mailosi ali omwewo. Chafupika ndi nthawi yokha. Makolo amene anachona anali ndi chowiringula, pakuti njira inali yaitali ndi yoopsa. Koma mwana wathu wa lero, wokhala ku Joni zaka khumi osaponda kwao, osatumiza ngakhale mau kwa amake, adzawiringula chiani, pokhala Chileka ali pa maora awiri okha? Inu muli ndi abale kumeneko, akumbutseni mwambi wa akulu: kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.