Mfuti ya m'chiuno pa malire a America ndi Mexico

Boma la America litakhazikitsa gulu lolondera malire la Border Patrol mu 1924, wolembedwa ntchito ankabwera ndi kavalo wake komanso chishalo chake. Boma linkamupatsa baji ndi mfuti ya revolver. Yunifolomu inachita kubwera mu 1928. Nthawi imeneyo mowa unali woletsedwa m'dziko lonselo, ndiye ozembetsa ankawoloka nawo mtsinje wa Rio Grande usiku, ndipo cha ku El Paso kuwomberana sikunali kwachilendo.

Mfuti yotchuka ya alonda amenewa inachokera m'mutu mwa mmodzi wa iwo, Bill Jordan. Iye ankafuna mfuti ya zipolopolo zamphamvu za .357 Magnum, koma yopepuka, yoti munthu n'kuswera nayo m'chiuno osatopa. Kampani ya Smith & Wesson inamumvera, ndipo mu 1955 inapanga Combat Magnum, yomwe kenaka inatchedwa Model 19. Jordan anakonzanso kachikwama kachikopa koikamo mfuti: chogwirira chili poyera, chotalikirako ndi thupi, dzanja likangotsika lachipeza kale. Ankasolola n'kuwombera theka la sekondi lisanathe.

Munthu wotere a mafilimu sangamusiye. Chipewa, dzuwa, fumbi, mfuti pantchafu: anangotenga kaubowi wakale n'kumuveka yunifolomu yobiriwira. Charles Bronson mu Borderline ya 1980 ndi wotero. Koma The Border ya 1982 inaona patali. Jack Nicholson ndi mlonda wa ku El Paso amene ngongole za mkazi wake zamupanikiza mpaka kuyamba kudya nawo za katangale, ndipo anzake akugwirizana ndi anthu ogulitsa khanda la mtsikana wa ku Mexico. Mfuti imalira kumapeto, inde, koma chomwe chimamudya munthuyu ndi ndalama.

Kuntchito kwenikweni revolver inapuma m'zaka za m'ma 1990. Kunabwera Beretta 96D, kenaka Heckler & Koch P2000, ndipo mu 2019 kampani ya Glock inapata kontirakiti yopereka mfuti ya madola mpaka 85 miliyoni. Masiku ano wosankha mfuti ndi komiti yogula katundu, ndipo palibe kamera ya filimu imene imakhalitsa pa mfuti yakuda ya pulasitikiyo.

Mu filimu ya The Three Burials of Melquiades Estrada ya 2005, ya Tommy Lee Jones, mlonda sasolola n'komwe ya m'chiuno. Amamva kulira kwa mfuti patali, amachita mantha, n'kupha ndi mfuti yaitali m'busa amene ankangowombera pothamangitsa chilombo pa mbuzi zake.