Zimene Zimachititsa Ana Kukhoza Masamu m'Maiko Osiyanasiyana

Kafukufuku woyamba wamkulu woyerekeza luso la ana pa masamu pakati pa maiko adachitika m'chaka cha 1964, pamene bungwe la IEA lidapereka mayeso amodzimodzi kwa ophunzira a m'maiko 12. Ndipo patsinde lomwelo padaphuka mayeso a TIMSS, amene chiyambire 1995 amalembedwa zaka zinayi zilizonse ndi ana a m'chaka chachinayi komanso chachisanu ndi chitatu cha sukulu. Mayeso a PISA, a bungwe la OECD, adatsatira mu 2000, oyesa achinyamata a zaka 15. Mwana akatha masamuwo amafunsidwanso za kwawo: kuchuluka kwa mabuku m'nyumba, pamene makolo adalekezera sukulu, ndi chinenero cholankhulidwa pakhomo.

Pagona nkhani ndi apa: kodi cholemera koposa ndi khomo limene mwana wachokera, kapena sukulu imene walowa? James Coleman, atasanthula sukulu za ku United States mu 1966, adapeza kuti khomo ndilo liposa, monga ngati kuvomereza mawu a akulu akuti m'mera mpoyamba. Koma Stephen Heyneman, amene adafufuzapo sukulu za ku Uganda, pamodzi ndi William Loxley adaonetsa mu 1983, poyerekeza maiko 29, kuti dziko likakhala losauka sukulu ndi mphunzitsi zimalemera koposa. Pakuti kumene makomo ambiri alibe buku ngakhale limodzi, ndipo sukulu ina ili ndi mabuku ndi mphunzitsi wodziwa ntchito pamene inzake ilibe ngakhale choko, mwana adzaona magawo ndi maperesenti m'kalasi mokha, kapena sadzawaona konse. Ofufuza ena a pambuyo pake, poona zotsatira za TIMSS, adapeza kuti kusiyana kumeneku pakati pa maiko osauka ndi olemera kudachepa.

Chuma cha dziko pachokha sichigamula mlandu. Pa PISA ya 2012 ana a ku Vietnam adapeza mapointi 511, a ku United States 481, ndipo a ku Shanghai 613. Kukula kwa kalasi nakonso sikufotokoza zonse, popeza Japan ndi South Korea akhala akupambana ndi makalasi aakulu kuposa a maiko ambiri a ku Ulaya. Chimene chidaonekera pa makanema ojambulidwa m'makalasi pa TIMSS ya 1995 n'chakuti mphunzitsi wa ku Japan amapatsa ana funso lovuta, nawaleka alimbane nalo, kenako nakambirana nawo njira zimene apeza, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha; pamene mnzake wa ku America amaonetsa njira, ana n'kumangoibwereza. Chodabwitsa china n'chakuti m'dziko lililonse mwana wodzidalira ndiye amakhoza, komabe ana a ku Japan ndi Korea, okhoza chotero, ambiri amanena kuti masamu sawakonda.

Kuno kwathu muyeso ndi mayeso a SACMEQ, a ana a Sitandade 6. Mu 2007 Mauritius ndi Kenya adali patsogolo pa masamu, Malawi ndi Zambia kumapeto. Ndipo n'kutheka kuti china mwa zifukwa ndicho khamu limene lidasefukira m'sukulu za Malawi mu 1994, fizi itathetsedwa, pamene ophunzira a pulayimale adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma n'kulemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri osadzera kukoleji.