AK-47

AK-47 ndi mfuti yankhondo yolavula zipolopolo motsatizana, imene Mikhail Kalashnikov anaipanga ku Soviet Union mu 1947. Asilikali a dzikolo anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1949, ndipo mtundu wake wopepukirapo, AKM, unatuluka mu 1959. Imadya zipolopolo za 7.62×39 mm, magazini yake imanyamula 30.

Kulimba kwake kwagona pa kapangidwe. Zitsulo zam'kati zinasiyiridwa mpata wokwanira, choncho mchenga, matope ndi mwaye wa wonga sizizimanga msanga. Mpweya wa wonga umakankha pisitoni yolemera imene imataya chikhokho n'kulowetsa chipolopolo china mwamphamvu. M'kati mwa mpope amakutamo chrome kuti musachite dzimbiri. Komabe mpatawo umachepetsa kulunjika kwake patali. Mosiyana ndi AK-47, mfuti ya M16 ya America inkakanirira kwambiri m'nkhalango za Vietnam, mpaka aphungu a ku America anafufuza nkhaniyo mu 1967.

Ku Zambia mfutiyi imanyamulidwa ndi asilikali komanso oteteza nyama a Department of National Parks and Wildlife. M'boma la Rufunsa, loyandikana ndi Lower Zambezi National Park, olondera amayenda masiku angapo m'mapiri, m'fumbi la Okutobala ndi m'mvula ya dzinja, kutali ndi wokonza mfuti.

Kulimba komweku kuli ndi tsoka lake. Mfuti zambiri zotsala ku nkhondo ya Mozambique, imene inatha mu 1992, zinagwera m'manja mwa opha njovu mozemba ndi achifwamba.